Pulinta Yasiya Kusindikiza Kompyuta Itangolandira Update: Mafunso ndi Mayankho

Ndimakonza makompyuta ndi mapulinta kuno ku Mulanje, ndipo ntchito yanga yambiri imachokera m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mashopu a fotokope a pa Chitakale, pa Boma, ku Limbuli mpaka ku Luchenza. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti dzulo pulinta imasindikiza bwinobwino, madzulo kompyuta inalemba kuti ikuika update (zosintha za Windows zimene kompyuta imatsitsa pa intaneti) ndipo isazimitsidwe, koma m'mawa pulinta yangoti zii. Mayankho ali m'munsiwa ndawalemba poganizira Windows 10 ndi Windows 11, chifukwa ndi zimene zili m'makompyuta ambiri amene ndimawagwira. Mawu a pa sikirini ndawasiya m'Chingerezi monga mmene mudzawaonere mukakhala pa kompyutapo.

Kodi pulinta yanga yawonongeka, moti ndikagule ina?

Kawirikawiri imakhala isanawonongeke, ndipo ndikupemphani kuti musathamangire ku Limbe kukagula ina musanaiyese payokha. Zulani chingwe chimene chimailumikiza ku kompyuta, muisiye ndi cha magetsi chokha, kenako muisindikizitse tsamba lake loyesera. Mapulinta okhala ndi kasikirini amakhala ndi malo a malipoti m'menyu mwake, pamene ang'onoang'ono amatulutsa tsambalo mukadina batani lina kwa masekondi angapo, ndipo kabuku kamene kanabwera ndi pulintayo kamatchula batanilo. Ngati ndi yochitanso fotokope, ingoikani pepala pagalasi n'kukopa. Pepala likatuluka lolembedwa bwino, dziwani kuti makinawo ali moyo, inki kapena toner ilimo, ndipo vuto lili m'kompyuta kapena panjira ya pakati pa ziwirizi. Alipo mapulinta ena otsika mtengo amene sangatulutse kanthu popanda kompyuta, ndipo amenewo muziwayesa pa laputopu ina. Zimandipweteka mtima ndikapeza pulinta yabwinobwino itafunditsidwa chitenje pakona ya ofesi, eni ake ataitaya mtima chifukwa cha vuto limene silinali lake n'komwe.

Nanga update ikusokoneza bwanji pulinta, pamene yalowa m'kompyuta mokha?

Mukadina Print, chikalata sichipita ku pulinta mwachindunji. Choyamba chimadutsa mu driver, imene ndi pulogalamu yaing'ono yosandutsa chikalatacho kukhala chilankhulo chimene pulinta ya mtundu umenewo imamva. Kenako chimakaima pamzere umene umayendetsedwa ndi pulogalamu ya Windows yotchedwa Print Spooler, ndipo pomaliza chimatulukira pa khomo lotchedwa port, limene likhoza kukhala la USB kapena la netiweki. Update ikhoza kusintha chilichonse mwa zitatuzi. Ikhoza kuchotsa driver imene munali nayo n'kuikapo ina, ikhoza kukhwimitsa malamulo a Print Spooler, ndipo ikhoza kusokoneza khomo limene pulinta inazolowera.

Ma update alipo a mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa. Pali a mwezi ndi mwezi, amene Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Kuno amafika madzulo a tsiku limenelo, n'chifukwa chake mafoni odandaula amandichulukira Lachitatu ndi Lachinayi la sabata imeneyo. Palinso aakulu a pachaka, okhala ndi mayina monga 22H2, 23H2 ndi 24H2, amene ena mwa iwo amakhala ngati kuika Windows mwatsopano, ndipo amenewa ndi amene amakonda kusiya driver yakale m'mbuyo.

Zimenezi si zongoganizira chabe. Mu Malichi 2021, update yotchedwa KB5000802 inachititsa kuti makompyuta ena azingoonetsa sikirini yabuluu munthu akangoyesa kusindikiza pa mapulinta a mitundu ina, ndipo Microsoft inatulutsa update ina yapadera yokonza vutolo patangopita masiku ochepa. Pakati pa chaka chomwecho kunatulukira chiboo chachikulu cha chitetezo mu Print Spooler, chimene chinatchedwa PrintNightmare, ndipo potseka chiboocho malamulo a kasindikizidwe anasinthidwa kwambiri. Zotsatira zake tikukumana nazobe m'maofesi amene makompyuta angapo amagwiritsa ntchito pulinta imodzi.

Ndiyambire pati ndisanakhudze zovuta?

Yambani ndi kuyambitsanso kompyuta posankha Restart, osati Shut down. Kusiyana kwake n'kwakuti Windows 10 ndi 11 ikazimitsidwa ndi Shut down imasunga mbali ina ya zimene imachita kuti idzayake msanga, pamene Restart imayambitsa zonse mwatsopano pamodzi ndi ma driver. Nthawi zambiri update imakhala isanamalize kudziika ndipo imangodikira Restart yomweyo. Pulintanso izimitseni, muizule kukhoma kwa mphindi imodzi, ndipo chingwe cha USB muchilowetse pa khomo lina la kompyuta.

Mukatero tsegulani Settings n'kupita pa Printers & scanners. Onetsetsani dzina la pulinta imene mukutumizako chikalata, chifukwa update ikadutsa, nthawi zina pamaoneka mayina awiri ofanana, lina litawonjezeredwa mawu akuti Copy 1, ndipo limene likugwira ntchito ndi limodzi lokha. Nthawi zinanso kompyuta imakhala itasankha Microsoft Print to PDF, moti chikalata chanu chikusungidwa ngati fayilo m'malo motuluka pa pepala. Zimitsani pamene palembedwa kuti Let Windows manage my default printer, ndipo musankhe nokha pulinta yanu.

Zikalata zangodzazana pamzere ndipo sizikufufutika. Ndichite chiyani?

Mzere wa pulinta uli ngati wa kuchigayo: thumba la kutsogolo likapanda kugayidwa, onse a m'mbuyo amangokhala pamatumba awo ngakhale chigayo chikulira. Chikalata chimodzi chimene chinaonongeka pamene update imadutsa chikhoza kutsekereza zonse.

Sabata ina ya mayeso oyeserera a Fomu 4 ndinaitanidwa pa sukulu ina cha ku Likhubula. Ndinapeza aphunzitsi aakulu ataimirira kumbuyo kwa mayi wolemba pa kompyuta, mapepala a A4 ali chiunjikire patebulo, kanyali kobiriwira ka pulinta kakungophethira. Mayiwo anandiuza kuti, "Achimwene, tadina mpaka chala chatopa, koma sikutulutsa." Nditatsegula mzere ndinapeza pepala lomwelo la masamu litatumizidwa maulendo ambirimbiri, lapamwamba litalembedwa kuti Error ndipo likukana kuchoka. Chikanakhala kuti pulinta inadzuka yokha panthawiyo, ikanasanza mapepala onsewo n'kumaliza limu yathunthu ya mapepala. Choncho pulinta ikakana kawiri, lekani kudina.

Kakonzedwe kake n'kotere. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe services.msc, ndipo pa mndandanda umene utseguke mupeze Print Spooler n'kusankha Stop. Osatseka zeneralo, tsegulani foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS ndipo mufufute mafayilo onse amene ali m'katimo, amene mayina awo amathera ndi SPL kapena SHD. Mufufute za m'kati zokha, foda yeniyeniyo muisiye. Bwererani pa Print Spooler, musankhe Start, ndipo muonetsetse kuti pa Startup type palembedwa Automatic. Zimenezi sizikhudza zikalata zanu zenizeni, chifukwa zimene mwafufutazo ndi makope ongodikira kusindikizidwa. Ngati Print Spooler ikuyamba kenako n'kuzimanso yokha patapita masekondi ochepa, ndiye kuti ikugwetsedwa ndi driver yoonongeka, ndipo muyenera kuichotsa monga ndafotokozera kutsogoloku.

Kompyuta ikunena kuti pulinta ili Offline pamene ili chiyakire pamaso pangapa. N'chifukwa chiyani?

Pa pulinta ya USB, tsegulani mzere wake muone ngati pa Use Printer Offline pali chizindikiro, ndipo muchichotse. Kenako pa Printer properties, pa tsamba la Ports, onani ngati khomo losankhidwa ndi la USB monga USB001, osati LPT1 kapena FILE.

Pa pulinta ya Wi-Fi kapena ya chingwe cha netiweki nkhani imatalikirapo. Chipangizo chilichonse pa netiweki chimapatsidwa nambala yake, monga 192.168.1.20, ndipo rauta kapena MiFi ikazima n'kuyakanso ikhoza kupatsa pulinta nambala ina, kompyuta n'kumaifunafunabe pa nambala yakale. Kuno kumene magetsi amathimathima, zimenezi zimachitika ngakhale popanda update. Sindikizani tsamba la netiweki kuchokera pa pulinta penipeni, muone nambala yake, ndipo muilembe mu Chrome kapena Edge. Tsamba la pulinta likatseguka, njira ili bwino, ndipo chotsala n'kupita pa Ports, kusankha Add Port, kenako Standard TCP/IP Port, n'kulembamo nambalayo. Ine khomo limeneli ndimalikhulupirira kuposa la WSD limene Windows imakonda kusankha yokha, chifukwa la WSD limataya pulinta kawirikawiri. Ikapitiriza kunena Offline, lowani pa Configure Port muchotse chizindikiro pa SNMP Status Enabled. Onaninso ngati netiweki yanu sinasinthidwe kuchoka pa Private kupita pa Public, chifukwa pa Public kompyuta imadzibisa ndipo siona bwino zipangizo zinzake. Amene amadziwa kulowa mu rauta aisungire pulintayo nambala imodzi yosasintha, ndipo vutoli silibweranso.

Palembedwa kuti Driver is unavailable. Kodi driver ndiipeza kuti, ndipo ndiika bwanji?

Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri a pambuyo pa update yaikulu, ndipo kuika driver yatsopano pamwamba pa yakale nthawi zambiri sikuthandiza. Yakaleyo iyenera kuchoka kaye. Zulani chingwe cha USB, chotsani pulinta pa Printers & scanners posankha Remove, kenako dinani batani la Windows ndi R n'kulemba printui /s /t2. Patseguka mndandanda wa ma driver onse a mapulinta amene ali m'kompyutamo. Sankhani ya pulinta yanu, dinani Remove, ndipo musankhe Remove driver and driver package. Ikakana ponena kuti ikugwiritsidwa ntchito, imitsani Print Spooler n'kuiyambitsanso, ndipo muyesenso mwamsanga.

Driver yatsopano muitenge pa webusaiti ya kampani imene inapanga pulintayo basi, kaya ndi HP, Canon, Epson, Brother kapena Kyocera. Lembani dzina lonse monga lilili pa makinawo, chifukwa L3110 ndi L3150 ndi mapulinta awiri osiyana ngakhale amafanana maonekedwe. Musanatsitse, pitani pa Settings, System, About muone ngati Windows yanu ndi ya 64-bit kapena 32-bit. Windows 11 ndi ya 64-bit yokha, choncho CD yakale imene ili ndi driver ya 32-bit singakuthandizeni pamenepo. Makampani ambiri amaika mafayilo awiri, lalikulu lokhala ndi mapulogalamu owonjezera ndi laling'ono la driver yokha, ndipo ngati bandulo yanu ndi yochepa, laling'onolo likukwanirani, kupatula ngati mukufunanso pulogalamu ya sikana. Poika, musalowetse chingwe cha USB mpaka pulogalamuyo itakuuzani, apo ayi Windows ithamangira kuikanso driver yomwe ija imene mwangoichotsa.

Ndikuchenjezeni ndi mtima wonse za mawebusaiti amene amalonjeza kukupezerani ma driver onse mwaulere mukangoika pulogalamu yawo. Makompyuta ambiri amene amabwera kwa ine atadzaza zotsatsa malonda ndi mavairasi anayambira pamenepo. Mukapeza driver yoyenera, isungeni pa fulashi yakeyake imene siyendayenda m'makompyuta a makasitomala.

Muofesi mwathu pulinta ili pa kompyuta imodzi ndipo enafe timasindikiza kudzera pamenepo. Tsopano tikulandira uthenga wa vuto wolembedwa kuti 0x0000011b. Kodi n'chiyani?

Nambala imeneyi inafala kuyambira mu Seputembala 2021, Microsoft itakhwimitsa chitetezo cha mmene makompyuta amalankhulirana pogawana pulinta. Kawirikawiri imaoneka pamene kompyuta imene ili ndi pulinta yalandira ma update koma zinzake zatsalira, kapena pamene muofesi mudakali kompyuta ya Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Choyamba ndi kuonetsetsa kuti makompyuta onse alandira ma update mpaka kumapeto. Dziwaninso kuti kuyambira mu Ogasiti 2021, kuika driver yochokera pa kompyuta ina kumafuna munthu amene ali ndi akaunti ya administrator, choncho wogwira ntchito wamba akakanizidwa asaganize kuti walakwitsa china chake.

Pa intaneti mupeza malangizo akuti mulowe mu Registry, mmene Windows imasungamo malamulo ake a m'kati, n'kuika RpcAuthnLevelPrivacyEnabled pa 0. Zimagwiradi ntchito, koma zimatero pochotsa chitetezo chomwe chija, ndipo ine sindichita zimenezi pa kompyuta imene imasunga malipiro a antchito, mayina a odwala kapena mayeso a ana. Ngati pulinta ili ndi Wi-Fi kapena khomo la chingwe cha netiweki, ilumikizeni ku rauta mwachindunji, ndipo kompyuta iliyonse iikidwe driver yakeyake. Mukatero simudzadaliranso kuti kompyuta ya munthu mmodzi ikhale yoyaka kuti ena asindikize.

Kodi ndingachotse update imene yabweretsa vutoyo?

Mungathe, ndipo pamene ntchito ili yachangu ndi njira yoyenera. Pitani pa Windows Update, Update history, kenako Uninstall updates, ndipo muchotse imene tsiku lake likugwirizana ndi tsiku limene vuto linayamba. Lembani papepala nambala yake, imene imayamba ndi KB. Mukangotero sankhani Pause updates, apo ayi ibweranso usiku womwewo. Windows imalola kuimitsa ma update mpaka masabata asanu. Ngati inali update yaikulu ya pachaka, kapena munachoka pa Windows 10 kupita pa 11, pa Recovery pali mwayi wobwerera ku imene munali nayo, koma mwayiwu umakhalapo masiku 10 okha, ndipo umatha msanga ngati wina wafufuta foda ya Windows.old pofuna kupeza malo.

Bwanji ndingotsekeratu ma update onse kuti vutoli lisadzabwerenso?

Ndikumvetsa chifukwa chimene anthu amafunira zimenezi, pakuti ma update amadya bandulo ndipo amabwera panthawi yolakwika. Komabe kompyuta ya mushopu ya fotokope imalandira mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lonse, ndipo ndi imene imafunika chitetezo kuposa ina iliyonse. Komanso mankhwala a vuto limene update yabweretsa nthawi zambiri amabwera mu update yotsatira. Chimene ndimalangiza n'kusankha nokha nthawi. Ikani intaneti yanu pa Metered connection kuti kompyuta isamatsitse zinthu zikuluzikulu mwakabisira, imitsani ma update m'sabata ya mayeso kapena ya malipiro, ndipo muwalole Loweruka masana pamene muli ndi mpata woyesa pulinta pambuyo pake. Laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo kompyuta ya patebulo ikhale pa UPS, batire yosunga moto magetsi akathima, ngati ilipo, chifukwa magetsi akathima update ili pakati, mavuto ake amaposa a pulinta.

Pulinta yanga ndi yakale ndipo driver ya Windows 11 palibe. Kodi basi yatha ntchito?

Musafulumire kunena choncho. Yesani driver ya Windows 10 ya 64-bit, imene kawirikawiri imagwiranso ntchito pa Windows 11. Mapulinta aakulu a m'maofesi amene amamva chilankhulo cha PCL kapena PostScript amatha kugwiritsa ntchito driver imodzi imene kampani inapangira mitundu yake yambiri. Ovuta ndi ang'onoang'ono amene ntchito yonse yokonza tsamba amaisiyira kompyuta, monga Canon LBP2900 ndi HP LaserJet 1020, chifukwa amenewa amafuna driver yawoyawo basi.

Pa Windows 11 ya 24H2 onaninso ngati wina sanayatse Windows protected print mode pa Printers & scanners. Imabwera yozimitsa, koma ikayatsidwa imachotsa mapulinta onse amene amadalira driver ya kampani, n'kusiya okhawo amene amagwira ntchito ndi driver ya Windows yotchedwa IPP. Kumeneko ndi kumene zinthu zikulowera, pakuti mu 2023 Microsoft inalengeza kuti pang'onopang'ono isiya kufalitsa ma driver a makampani kudzera pa Windows Update, ndipo Windows 10 inasiya kusamaliridwa mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Amene akugula pulinta yatsopano afunse ngati ili ndi chizindikiro cha Mopria kapena AirPrint, chosonyeza kuti ikhoza kusindikiza popanda driver ya kampani. Yakaleyo ikakanikiratu, mukhoza kuisiyira kompyuta yakale yosalumikizidwa ku intaneti, n'kumapititsako zikalata ngati PDF.

Ikusindikiza, koma pakutuluka zizindikiro zosamveka, kapena tsamba likudukira m'munsi. Nanga apa?

Zizindikiro zosamveka zodzaza mapepala zimasonyeza kuti driver imene yaikidwa si ya pulinta imeneyo. Zimitsani pulinta msanga, yeretsani mzere, ndipo muike yoyenera. Tsamba lodukira, kapena pulinta yongophethira ngati ikupempha pepala pamene lilimo, kawirikawiri ndi nkhani ya kukula kwa pepala. Driver yatsopano imakonda kuyambira pa Letter, pepala la ku America la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pamene ife timagwiritsa ntchito A4, la 210 ndi 297. Sinthani pa Printing preferences komanso mu Word momwemo.

Mapepala ayamba kukodwa komanso katiriji ikukanidwa. Kodi ndi update yomweyo?

Kukodwa kwa mapepala sikuchokera mu Windows. Kuno kwathu m'munsi mwa phiri, ndi ku Thyolo komwe, chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi mapepala amamwa chinyezi, amamatirirana n'kulowa awiriawiri, ndipo pa pulinta ya toner amatuluka atapiringizika, nthunzi ikufuka pang'ono. Sungani limu mupulasitiki mwake, pamwamba osati pa simenti, muziika mu pulinta okhawo a tsiku limenelo, ndipo muziwapeperetsa ndi chala musanawalowetse. Katiriji yokanidwa mwadzidzidzi ikhoza kukhala chifukwa cha update ya pulinta yeniyeniyo, yotchedwa firmware, imene pa mitundu ina imakana makatiriji osachokera ku kampani yake. Kuchotsa update ya Windows sikungabweze zimenezo.

Nanga amene tili ndi Mac kapena Ubuntu?

Pa Mac chotsani pulinta n'kuiwonjezeranso, ndipo musankhe AirPrint ngati ikuoneka. Zikakanika, gwirani Control n'kudina pa mndandanda wa mapulinta, musankhe Reset printing system, koma dziwani kuti imachotsa mapulinta onse. Kuyambira pa macOS Catalina ya 2019 mapulogalamu a 32-bit sagwiranso ntchito, ndipo izi zinasiya panja mapulogalamu ena akale a mapulinta ndi masikana. Pa Ubuntu lembani localhost:631 mu Firefox muone ngati pulinta sinaimitsidwe.

Ndi liti pamene ndiyenera kuitana wokonza, ndipo ndimuuze chiyani?

Muitaneni ngati pulinta yalephera kutulutsa tsamba lake loyesera, ngati ikulira modabwitsa kapena kununkha zopsa, kapena ngati kompyuta ikuonetsa sikirini yabuluu ngakhale mutachotsa update. Musanamuimbire, jambulani ndi foni uthenga umene uli pa sikirini, lembani dzina lonse la pulinta, ndipo mudine batani la Windows ndi R n'kulemba winver kuti mudziwe Windows imene muli nayo. Ndi zinthu zitatuzi wokonza amabwera atanyamula driver yoyenera, m'malo mokwera minibasi kapena kabaza kawiri.

Akakuuzani kuti afomate kompyuta yonse, kutanthauza kufufuta zonse n'kuika Windows mwatsopano, chifukwa cha pulinta, mufunseni mwaulemu ngati wayeretsa mzere, wachotsa driver yakale ndi kuyesa kuchotsa update, ndipo musalole mpaka zikalata zanu zitakopedwa kwina inu mukuona. Akamaliza, musindikize tsamba limodzi kuchokera mu Word ndi lina la PDF iye asanachoke, muyambitsenso kompyuta ndi kuyesanso kachiwiri. Ine ndikamaliza ntchito yotere ndimamata kapepala m'mbali mwa pulinta, polembedwa dzina la driver, nambala ya pulinta pa netiweki ndi tsiku limene ndaika, ndipo fayilo ya driver ndimaisiya mu foda ya Documents kuti mwini wake adzaipeze update ina yaikulu ikadzadutsa.